Kuyendera ku yunivesite kuchokera kutali m'malo mochita lendi

Wachakachoyamba: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Zipinda zapafupi ndi yunivesite zakwera mtengo moti wophunzira wamba sangazikwanitse. Ngati kwanu kuli pa mtunda wa maola awiri pa basi, kodi kuyendera tsiku ndi tsiku n'kotheka semesita yonse? Munthu aziwerengera chiyani asanasankhe?

Wamasamu: Tengani pepala. Lembani mtengo wa basi wopita ndi wobwerera, muchulukitse ndi masiku amene muli ndi makalasi pa sabata, kenako ndi masabata onse a semesita, a mayeso omwe. Onjezanipo chakudya chamasana, poti woyendera sangathamangire kunyumba kukaphika, komanso kandalama ka tsiku limene basi yomaliza yakusiyani n'kukwera galimoto yodula. Kumbali ya lendi ikanipo dipoziti, madzi ndi magetsi, ndipo mufunse mwininyumba ngati amalipiritsa miyezi ya tchuthi. Lendi imapweteka pamenepo, chifukwa woyendera salipira kalikonse sukulu ikatseka.

Ambiri amaiwala kuwerengera nthawi. Maola 2 popita, 2 pobwera, masiku 5, ndiye kuti maola 20 pa sabata. Semesita ikakhala ya masabata 15, maola 300 athera pamsewu. Ngati ndalama yopulumukayo ndi yochepa, igaweni ndi 300 muone mtengo umene mukugulitsira ola lanu.

Mlangizi_wa_ophunzira: Masamuwo ndi oona, koma chimene chimagamula nkhaniyi ndi ndandanda ya makalasi. Amene makalasi ake aunjikana masiku atatu akhoza kuyendera bwinobwino. Amene ali ndi kalasi imodzi tsiku lililonse, ina 8 koloko m'mawa ina 4 koloko madzulo, adzatopa semesita isanafike pakati. Polembetsa maphunziro pemphani gulu limene limayamba mochedwerako, makamaka pa ntchito za mu labotale, zimene kawirikawiri sizibwerezedwa chifukwa cha munthu mmodzi. Werenganinso malamulo a sukulu yanu pa za kujomba: m'masukulu ambiri wojomba kupyola malire saloledwa kulemba mayeso, ndipo mphunzitsi sangamve zoti basi inafa panjira.

Muonenso kuti mumakwera kangati. Basi imodzi ya maola awiri ndi yabwino kuposa ziwiri za ola limodzi limodzi, chifukwa yoyamba ikachedwa mphindi khumi yachiwiri yakusiyani. Ulendowo muuyese kaye sukulu isanatsegule, pa tsiku la ntchito komanso pa ola lenileni limene mudzidzanyamuka. Kuyesa Lamlungu masana n'kudzinamiza. Pa nthawi imene mwapezayo onjezani mphindi 30. Usiku woti mawa ndi mayeso, gonani pafupi ndi sukulu zivute zitani.

Wachakachoyamba: Zikomo. Nanga si maola apamsewuwo munthu akhoza kumawerenga?

Kadzidzi: Musadalire zimenezo, achimwene. Pa sitima, mutapeza mpando, zimatheka. Pa basi yodzaza ndiponso yogwedezeka ambiri amachita nseru, chifukwa maso akakhala pa buku amauza ubongo kuti thupi laima pomwe m'kati mwa khutu mukumva kuyenda. Chimene chimathandiza ndi kumvetsera. Pemphani chilolezo chojambula mawu a mphunzitsi, kapena dziwerengereni notsi zanu mokweza n'kujambula, ndipo zonse zikhale mu foni musananyamuke chifukwa netiweki imaduka panjira. Pawabanki isasowe m'chikwama.

Vuto lalikulu ndi tulo. Kuti mufike 8 koloko mudzanyamuka 5:30, kudzuka cha m'ma 4:45. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 ogona, ndiye kuti 9:45 usiku mukhale muli pabedi. Mukafika kunyumba 7 koloko, kudya ndi kusamba, kwatsala ola limodzi kapena awiri owerenga muli wotopa kale. Ntchito za m'magulu nazonso anzanu amakonda kuzichita madzulo, inu muli pa siteji.

Wamasamu: Palinso njira yapakati. Lendi imatsika mukamatalikira geti la sukulu, choncho funsani zipinda za pa mtunda wa mphindi 30 kapena 40, mugawane ndi mnzanu. Apo ayi, gwirizanani ndi amene ali kale ndi chipinda kuti muzigona kwake mausiku awiri pa sabata n'kumathandizako lendi. Koma muyambe mwafunsa ngati mwininyumba amalola, chifukwa mapangano ena amaletsa alendo ogona ndipo wothamangitsidwa adzakhala mnzanuyo.