Thandizeni: malamulo a banki m'khonde abwera pa WhatsApp, aliyense ndi kalembedwe kake

Wotayipa wa ku Limbe

Akuluakulu, mwaswera bwanji. Gulu lina la amayi la banki m'khonde likufuna ndiwasindikizire kabuku ka malamulo awo, masamba 24, makope 60, kuti membala aliyense akhale ndi kake asanagawane ndalama mu Disembala. Vuto ndi lakuti malamulowo sanabwere papepala. Abwera pa WhatsApp kuchokera kwa anthu anayi: wapampando, mlembi, msungichuma, ndi mwana wa wapampando amene akuti ndiye amaidziwa foni.

Wina akulemba "kt", "chfkw", "nde". Wina akuti "zina la membala" ndi "siku la msonkhano". Wina "ndarama" pamwamba, "ndalama" pansi. Mawu oti m'mudzi okha alembedwa njira zitatu: mmudzi, m mudzi, ndi m`mudzi. Ndaika zonse mu Word, tsamba lonse langoti psuu ndi mizere yofiira moti maso akuwawa.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi pali njira yachidule yokonzera, mwina Ctrl+H, ija yofufuza mawu n'kuwasintha mu Word? Ndimaganiza zoyamba ndi l ndi r, kungosintha "il" yense akhale "ir". Chachiwiri, kodi kukonzaku ndi ntchito yanga, kapena ndisindikize momwe abweretsera?

Wa CorelDRAW ku Area 25

Chemwali, yambani mwazimitsa mizere yofiirayo. Word ikuyesa kuti mukulemba Chingerezi chosweka. Dinani Ctrl+A, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, chongani pamene palembedwa Do not check spelling or grammar. Kenako File, Options, Proofing, AutoCorrect Options, chotsani chongi pa Replace text as you type, apo ayi izikusinthirani mawu muli chitayipire.

Ctrl+H ndi yabwino pa zinyalala zokha. Malo awiri pakati pa mawu asandutseni amodzi, bwerezani mpaka inene kuti palibenso. Mukakopera mauthenga angapo nthawi imodzi pa WhatsApp amabwera ndi tsiku, nthawi ndi dzina la wotumiza kutsogolo kwa uthenga uliwonse, zimenezo chotsani. Mizere yodukaduka mufufuze ndi ^l ndi ^p. Kachizindikiro kopendeka kaja ka m`mudzi kasintheni konse kakhale apositirofe weniweni. Koma za "il" zija dikirani kaye aphunzitsi abwere, ine ndikuona ngozi.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mwana wanga, chala chako chisakhudze Replace All pa nkhani ya l ndi r. Udzasindikiza kabuku konena kuti likulu la dziko lino ndi Lirongwe.

Lamulo limene ukulikumbukiralo ndi loona ndithu. Timaphunzitsa kuti r amatsatira i ndi e, monga mu kulira, kubwera, kulipira, pomwe l amayamba mawu ndiponso amatsatira a, o ndi u. N'chifukwa chake timalemba ndalama, osati ndarama, ndi ngongole, osati ngongore. Koma lamuloli limagwira m'kati mwa tsinde la mawu. Ngati i uja ali wa mphatikiram'mbuyo, l woyamba tsinde sasintha: chilango, chilolezo, tilipira, ndili, zili. Akuluakulu ambiri anazolowera "ndiri" ndi "ziri" chifukwa mabuku akale amatero, ndiye usadabwe ukamaona wapampando akulemba choncho. Mayina a malo ndiye alibe lamulo n'komwe. Mumzinda mwanu momwemo muli Chirimba ndi Chilomoni, wina r wina l, ndipo palibe makina amene angadziwe chifukwa chake.

Za l ndi r n'zazing'ono, sizingayambanitse anthu. Chimene ndikufuna uyang'anitsitse m'malamulo ngati amenewa ndi -zi- ndi -dzi-. Anthu amene amalemba "zina" m'malo mwa dzina ndi "mazi" m'malo mwa madzi ndi omwewonso amene amaika d pamene safunika akafuna kuoneka olemba bwino. Tsono "membala azilipira" ndi lamulo, kutanthauza kuti ayenera kumalipira. "Membala adzilipirira" ndiye kuti atulutsa za m'thumba mwake, gulu silimuthandiza. Ngati pali ndime ya thumba la zadzidzidzi, la matenda ndi maliro, kalemba kamodzi kameneka kangachititse kuti mayi wina amanidwe ndalama ali pachipatala, kabuku kali m'manja. Mawu otere usaganizire wekha. Imbira mlembi wa gulu, umuwerengere ndimeyo mokweza, anene yekha chimene anagwirizana.

Wotayipa wa ku Limbe

Aphunzitsi, mwalasa. Ndime 9 ikuti "membala odwala azilipilila transport". Ndikawerenga kawiri ndikupeza matanthauzo awiri. Ndawalembera uthenga, ndikudikira.

Mnyamata wa ma SMS

Agogo, ndilankhuleko pang'ono m'malo mwa anzanga a "kt" ndi "chfkw", chifukwa pagulu pano timangonyozedwa kuti tikuononga chilankhulo. Kalembedwe kameneka sikanabwere ndi ulesi. Kanabwera ndi mafoni a mabatani, pamene kulemba s kumafuna kudina batani la 7 kanayi, ndipo uthenga umodzi umalola zilembo 160 zokha, ukapyola walipira kawiri. Apositirofe anali wobisika pa batani la 1 kapena kuseri kwa nyenyezi, ndani akanamusaka ali pa minibasi? Anthu anazolowera, ndipo mafoni atasintha dzanja silinasinthe. Amayi ambiri a m'magulu amenewa mpaka lero ali ndi mafoni omwewo.

Ine ntchito yanga ndi yotumiza mauthenga ambirimbiri a mabungwe, ndipo pali chinthu chimene otayipa ambiri sachidziwa. Apositirofe wopindika amene Word imaika yokha, komanso w wa kachipewa (ŵ), sali m'gulu la zilembo wamba za SMS. Kakalowa kamodzi kokha, uthenga wonse umasinthira ku Unicode, njira ina yosungira zilembo imene imadya malo ambiri, ndipo malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70. Ndiye chemwali, ngati gululo lidzafune kuti malamulo ena atumizidwe pa SMS, musadzakopere kuchokera mu fayilo yosindikizayo. Sungani ina ya apositirofe woongoka.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mdzukulu, sindikutsutsa. Pa foni lembani momwe mufunira. Koma "mbale wa membala akamwalira" papepala lodindidwa ayi. Mbale ndi yodyera nsima, womwalirayo ndi m'bale.

Mnyamata wa ma SMS

Kkkk apo ndagonja agogo.

Wosindikiza wa ku Chipata

Abale a ku Malawi, ine ndingowonjezako kuti musanakonze mudzifunsa kaye kuti kabukuko akawerenga ndani. Kuno ku Zambia m'masukulu timalemba c pamene inu mulemba ch: cakudya, cifukwa, Cinyanja. Ndipo ch wathu ndi uja inu mumalemba tch. Makasitomala a ku Mchinji akabwera ndi ntchito ndimawasiyira ch wawo, a ku Katete ndimawasiyira c. Tsiku lina munthu anabweretsa pulogalamu ya ukwati yokonzedwa ndi m'bale wake wa ku Lilongwe, a mpingo anaibweza ati siyathu.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Achimwene a ku Chipata, mwandilembera "mudzifunsa" pamene mumafuna "muzifunsa". Mwaona kuti matendawa sadziwa malire? Koma mfundo yanu ndi yoona. Ngakhale kuno Buku Lopatulika lakale lija limalemba c yemweyo. Malamulo amene timatsata m'sukulu anachokera ku Chichewa Board, anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Bungwelo litatha, ntchito inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Aliyense wotayipa Chichewa pofuna ndalama akhale nalo bukuli pambali pa kompyuta. Dzina lake lomwelo likukuuzani kuti masiku ano timalemba mawu, osati mau.

Wotayipa wa ku Limbe

Funso lina. Pachikuto wapampando akufuna pakhale Malaŵi wa kachipewa, akuti ndi momwe anaphunzirira. Ndayesa njira ija ya kulemba 0175 n'kudina Alt+X, koma pakutuluka kabokosi ndipo a wachiwiri wa Mala akusowa. Ndalodzedwa?

Wa CorelDRAW ku Area 25

Simunalodzedwe. Alt+X imawerenga manambala a hex, ndipo zilembo a, b, c, d, e, f zimawerengedwa ngati manambala. Mukalemba Mala0175 Word ikumeza a uja n'kuwerenga a0175, chimene ndi chinthu china. Lembani MalaU+0175 kenako Alt+X, atuluka bwinobwino. Wamkulu ndi U+0174. Mu kudziŵa simukanaona vutoli chifukwa i sali m'gulu limenelo. Ngati mumufuna kawirikawiri, pitani pa Insert, Symbol, mumupatse shortcut yakeyake.

Chenjezo lina ndi la ma font. Times New Roman, Arial ndi Calibri ali naye, koma ma font okongoletsa ambiri amene timatsitsa pa intaneti alibe. Pa sikirini pulogalamu imabwereka chilembocho ku font ina mwakachetechete, ndiye papepala mudzaona w mmodzi wowonda pakati pa zilembo zonenepa. Chikuto mukachimaliza mu Corel dinani Ctrl+Q chisanduke ma curves, kutanthauza kuti zilembo zisanduke zojambula, musanatumize ku makina, koma sungani kope ina yosasandutsa chifukwa ma curves sakonzeka.

Ndipo mufunse: akufuna kachipewako pachikuto pokha kapena m'kabuku monse? Akati monse, ndiye kuti kudziŵa, aŵiri, kuŵerenga, zonsezo n'zanu, ndipo Ctrl+H singakuthandizeni chifukwa si w aliyense amavala chipewa. Nyuzipepala ndi mabuku ambiri a lero anangomusiya.

Mkonzi wa mabuku, Zomba

Palibe amene wayankha funso lachiwiri la mayiwa, ndipo ndi limene lili ndi ndalama. Kutayipa ndi ntchito ina, kukonza chilankhulo ndi ina. Ambiri a ife timaphatikiza ziwirizi pa mtengo umodzi wa pa tsamba, kenako timadandaula kuti ntchito za pa WhatsApp sizipindula. Kale kasitomala amabwera ndi pepala lolemba pamanja, iwe n'kutayipa, ndipo potayipapo umakonza osazindikira. Lero amabwera akunena kuti "ndatayipa kale, ingosindikizani", akuyembekeza mtengo wotsika, pamene kusesa zimene watayipazo kumadya nthawi yoposa kutayipa mwatsopano. Masamba 24 ine ndikanatayipanso ndekha ndikuwerenga pa foni, osakopera n'komwe.

Kusindikiza momwe abweretsera ndikukana. Kabukuko kadzayenda m'mudzi, ndipo anthu sadzafunsa kuti analemba ndani, adzafunsa kuti anasindikiza kuti.

Chitani izi. Tengani pepala limodzi mulembepo zosankha zanu: ndalama, ngongole, chiwongoladzanja, masheya, msungichuma, m'mudzi, mawu. Ku, pa ndi mu alumikizidwe ku mayina wamba monga kumudzi ndi pamsonkhano, koma atalikirane ndi mayina a malo monga ku Thyolo. Mawu a Chingerezi ngati transport mufunse ngati akufuna akhale thiransipoti kapena ndalama yoyendera. Manambala a ndalama ndi maperesenti musakhudze ngakhale aoneke achilendo, ingowazungulizani ndi bolopeni yofiira. Mukatero sindikizani kope imodzi, akaiwerenge pamsonkhano wawo mokweza, wapampando ndi mlembi asaine tsamba lililonse. Popanda siginecha makina asalire. Ndipo musayese kudutsitsa ndimezo mu Google Translate kuti ikukonzereni. Inde ili ndi Chichewa kuyambira 2014, koma ntchito yake ndi kumasulira, ndipo ikakumana ndi "chfkw" ingokubwezerani momwemo.

Wotayipa wa ku Limbe

Ndabwera ndi lipoti. Mlembi waimba. Ndime 9 akuti anagwirizana kuti gulu ndilo lizimulipirira wodwalayo ndalama yoyendera kuchokera m'thumba la zadzidzidzi, ndiye talemba kuti "gulu lizimulipirira membala wodwala ndalama yoyendera popita kuchipatala". Powerenga manambala tapezanso kuti msungichuma analemba chiwongoladzanja cha 20 peresenti pomwe mwana uja analemba 10. Zimenezo akakambirana okha Lachinayi, ine ndangozunguliza. Kachipewa akuti pachikuto pokha. Mtengo wokonza ndawauza padera, anang'ung'udza pang'ono koma avomera nditawaonetsa tsamba limodzi lakale pambali pa lokonzedwa.

Achimwene a ku Area 25, chikuto ndichite pa pepala lanji kuti chisang'ambike msanga? Timabukuti tizikhala m'zikwama pamodzi ndi ndalama ndi makiyi.

Wa CorelDRAW ku Area 25

Manila wolimba kapena khadi ya 250gsm, masitepulo awiri pamsana. Ngati bajeti ilola, chikutocho chipangeni laminate musanapinde.