Chisoti chija chasalala tsopano

Anzanga, paja ndinafunsa chifukwa chomwe filler (phala lija lomatira ndi kusalazira bodi ya galimoto) ankandiumira m'manja ndisanamalize kupaka, n'kumasiya timaenje pa chisoti cha fibreglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi) chimene ndikukonzera sewero. Zikomo nonse amene munandiyankha, zayenda.

Nkhani yagona pa kasakanizidwe. Hardener, mankhwala oumitsa filler, amafunika wochepa kwambiri, pafupifupi magawo 2 pa magawo 100 alionse a filler, ndipo kukatentha monga kukuchitira masiku ano, pakangopita mphindi zochepa filler amakhala wayamba kale kulimba. Ndiye ndikumasakaniza pang'onopang'ono pa kachidutswa ka pulasitiki, mopinda ndi kukanikiza, osati motakasa, chifukwa kutakasa n'kumene kumalowetsa mpweya wobweretsa timaenje tija. Ndikupaka mopyapyala, kangapo.

Chimene chandithandiza koposa ndi kusadikira kuti filler aumiretu. Akangolimba moti chikhadabo chikusiyabe chizindikiro, ndimasenga zotumphuka ndi mpeni, osavutika. Kenako sandipepa wa 80, wa 180, n'kumalizira wa 320 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalalirapo), nditamukulunga pa kathabwa kuti zala zisakumbe mizere.

Chonde valani chotchinga mphuno ndi pakamwa, fumbi lake si labwino. Filler ameneyu musamupakenso pa styrofoam (pulasitiki wopepuka uja wotetezera katundu m'makatoni), amaisungunula.

Mawa ndipopera primer, penti woyambira. Nanga m'makona mwa maso a chisoti, momwe kathabwa sikafika, inu mumasalaza bwanji?