Za zipangizo za m'ndege zija: pamene ndafika

Anzanga oulutsa ndege, paja ndinafunsa ngati kugula wailesi ndi GPS zogwiritsidwapo kale ntchito kungandipulumutsire ndalama pa ndege yanga ya Cessna 172. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Ndapeza kuti chodya ndalama kwenikweni si chipangizo chokha ayi, koma ntchito yochiika. Makaniko atatsegula panelo (poikapo zipangizo kutsogolo kwa woulutsa ndege), kumbuyo kwake kunali mawaya akalekale opiringizana, ena atauma mpaka kung'aluka. Kutsegula pamenepo kawiri n'kulipira kawiri. Choncho ndinaugwira mtima, ndinasonkhanitsa kaye zonse, n'kuikitsa kamodzi.

Wailesi ndinagula yakale ndithu, koma ndinkakana iliyonse yopanda chikalata chotsimikizira kuti ndi yoyenera kugwiritsidwa ntchito m'ndege, cha FAA Form 8130-3 (cha ku America) kapena EASA Form 1 (cha ku Ulaya). Funsaninso ngati tray (chimango cholowetsamo wailesiyo) ndi zolumikizira zake zikubwera limodzi, chifukwa kuzigula padera kumadya phindu lonse lija. Inu amene mumauluka ku Ulaya, onetsetsani kuti wailesiyo ndi ya 8.33 kHz (mpata wa pakati pa matchanelo womwe umafunika kumeneko).

Chipangizo china, Garmin G5 yamagetsi, ndinagula yatsopano, kulowa m'malo mwa attitude indicator (choonetsa mmene ndege yapendekera) yodalira vacuum pump (pampu yokoka mpweya). Apa chonde musathamangire mtengo wotsika: G5 yotchipayo ndi ya ndege za experimental (zoyesera, monga zimene anthu amadzipangira okha), siiloledwa m'ndege ngati yangayi. Musanalipire, onani kuti mtundu wa ndege yanu uli pa mndandanda wa STC yake (chikalata chololeza kuika chipangizocho m'ndege).

GPS ija ndaisiya kaye. Ndimauluka VFR (modalira kuona kunja ndi maso) masana okhaokha, ndipo mapu a pa tabuleti akundikwanira. Komabe ndinapempha makaniko kuti aikiretu mawaya ake panelo idakali yotsegula.