Kamwana ka zebra finch kafooka, chithokomiro sichikuphwa, ndithandizeni

mai_timbalame:
Abale odziwa za mbalame ndithandizeni chonde. Ndimaweta ma zebra finch awiri, timbalame tating'ono ta m'khola, ndiye anaswa ana atatu, pano ali ndi masiku 10. Dzulo madzulo ndapeza kamodzi, kakang'ono pa onsewo, kali pansi pa khola kunja kwa chisa katazizidwa, ndinakabwezera koma m'mawa uno ndakapezanso pansi. Nthenga zangoyamba kutuluka m'mapiko ndi pamsana, kumimba ndi khungu lokhalokha. Kakungotsinzina, sikakulira kupempha chakudya ngati anzake aja. Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chithokomiro, m'mbali mwa khosi mwatupa, njere zikuoneka ndithu mkati mwa khungu ndipo chiyambire dzulo sizinasunthe, zitosi nazo sindinaone. Ndili ku Lilongwe, kuzizira kwa June uku mukukudziwa. Ndikapatse madzi? Ndikaphikire phala? Mnzanga akuti mkaka pang'ono koma ndikukayika. Mtima ukundiwawa kukaona chonchi.

mlimi_wa_nkhunda:
Pepani mayi. Panopa musakaike chilichonse kukamwa, kaya madzi kaya phala, mkakawo ndiye ayi ndithu, mbalame sigaya mkaka. Kafunditseni kaye basi. Kamwana kopanda nthenga sikatha kudzisungira kutentha kokha, kakazizidwa m'mimba monse mumaima, n'chifukwa chake njerezo zangokhala m'chithokomiro, ndiye mukathira chakudya china pamwamba pa chakalecho chimasasa n'kuyamba kuwola momwemo, kapena kamabweza n'kutsamwa.

Tengani kabokosi kakang'ono, yalani tishu mu kambale kuti kakhale mothinana miyendo isatayane, pambali pake muike botolo la madzi otentha lokulunga ndi tawulo, lisakakhudze khungu. Pa msinkhu umenewo pafunika madigiri cha m'ma 32 mpaka 35. Ngati mulibe thermometer yang'anani kambalameko, kakamayasama n'kumapuma mwawefuwefu mapiko atatambasuka ndiye kuti kwatenthetsa, chotsani botolo pang'ono. Ine botolo ndimalikhulupirira kuposa babu chifukwa magetsi akazima usiku babu lathera pomwepo, koma botolonso limafuna mudzuke kukasintha madzi, tulo lero muiwale. Muikemonso kansalu konyowa pakona kuti mpweya usaume kwambiri, bokosilo musatseke lonse.

Kakafunda n'kuyamba kugwedeza mutu, pamenepo ndiye dontho limodzi la Thanzi ORS wofunda, muligwetse m'mbali mwa mlomo kakoke kokha. Osakayasamitsa n'kuthira, bowo la mpweya lili kumbuyo kwa lilime pomwepo, madzi akalowa m'mapapo kapita. Dontho limodzi, dikirani mphindi 20 kapena 30, linanso. Ndipo chithokomirocho musafinye kuti mutulutse zamkati, anthu amatero ndi nkhuku koma aka n'kakang'ono kwambiri.

achimwene_ku_Joni:
Zimene anena akuluwa n'zoona, ine ndingowonjezera za chakudya chikadzaphwa chithokomirocho. Kuno ku Joni timagula ufa wolerera ana a mbalame wa Avi-Plus m'mashopu a ziweto, palinso Kaytee Exact ndi NutriBird A21, ngati muli ndi m'bale amene akubwera pa basi mutumeni. Podikira wiritsani dzira mpaka lilimbe, tengani chachikasu chija muchinyenye bwinobwino ndi madzi owiritsa ndi kaphala ka ana kopanda mkaka, kakhale kamadzimadzi poyamba. Kutentha kwake kukhale madigiri cha m'ma 39 kapena 40, dontheza pa dzanja kaye, chozizira chimaimitsanso chithokomiro, chotentha kwambiri chimawotcha khungu mpaka kuboola. Jakisoni wa 1 ml wochotsa singano ndi bho, kapena kamtengo ka machesi. Pang'onopang'ono ola lililonse kapena ola ndi theka kuyambira mbandakucha mpaka usiku, muzikonza chatsopano nthawi zonse, chotsala tayani. Musadabwe kakamapotoza khosi mutu n'kuugoneka chammbali pakamwa pali yasa, ma zebra amapempha choncho, si matenda. Mukamaliza pukutani mlomo, phala likaumira pamenepo limatseka mphuno.

dada_Chikondi:
Ine funso langa ndi lakuti katuluka bwanji m'chisa kawiri konse? Ana a zebra amatuluka okha pa masabata atatu, wa masiku 10 ndiye kuti akuchita kukokedwa kapena kutayidwa. Nthawi zina yaimuna imafuna kuyambanso kuswa ndiye imazula ana nthenga n'kuwataya, nthawi zina makolo aona kale kuti kakudwala. Onani awiri otsalawo ngati zithokomiro zawo zikudzadza n'kuphwa, muwaikire makolowo dzira lowiritsa tsiku lililonse, mawere okha sakwana polera ana, ndipo chisacho musamachisuzumire pafupipafupi. Khola lichoke pa windo usiku.

China, nunkhizani pakamwa pake. Mukamva fungo losasa kapena mukaona zoyera zomata mkamwa amenewo amakhala matenda a yisiti, kufunditsa kokha sikungathetse, pamafunika mankhwala ngati nystatin ndipo mlingo wake apereke ndi dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe komweko a LSPCA, bungwe loteteza nyama, ali ndi chipatala cha ziweto, ayimbireni kaye mufunse ngati angakaone. Chonde musakapatse makapisozi a anthu kapena mankhwala a nkhuku mongoganizira, pa yisiti ma antibiotic amangowonjezera vuto.

mai_timbalame:
Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Kali mu bokosi ndi botolo kuyambira m'mawa muja, ndakapatsa madontho a Thanzi monga munanenera ndipo posachedwapa kachita chitosi chimodzi, chithokomiro chatsika pang'ono koma njere zikadalimo. Fungo sindikulimva. Kayamba kudzutsa mutu ndikagogoda bokosi. Ndiyambe dzira lija panopa kapena ndidikirebe?

mlimi_wa_nkhunda:
Chitosicho ndi nkhani yabwino, m'mimba mwayamba kuyenda. Dikiranibe mayi mpaka chithokomiro chitsale pang'ono kuphweratu, pitirizani madonthowo ndi botolo. Kenako yambani ndi kamadzimadzi kwambiri, kochepa, muone ngati kakuphwa pakatha maola awiri musanaonjezere. Koma likafika mawa m'mawa njerezo zili pompo, musadikirenso, kanyamuleni ndi botolo lake lomwelo mupite nako kwa dokotala.