Ana a mbuzi akubadwa opindika miyendo, ndithandizeni

Mnyamata wa ku Dedza: Abale oweta kuno ku Joni, ine mutu waima. Pa puloti ya bwana ku Walkerville mikota 9 yaswa mwezi uno, mbuzi za mtundu wa Boer zokhazokha. Ana 4 abadwa miyendo yakutsogolo yopindika, akuyendera mawondo. Wina chibwano cham'munsi n'chachifupi, bere akulephera kugwira. Awiri anatuluka khosi lotupa, ubweya wochepa, anafa tsiku lomwelo. Dozi ya njoka za m'mimba ndinapereka, lick (mchere wonyambita) ilipo. Bwana akuloza ine. Nditani?

Madala a ku Randfontein: Tonde wakhala zaka zingati m'kholamo? Ngati akukwera ana ake omwe, usafunenso kwina. Chibwano chimenecho n'chamtundu.

Mnyamata wa ku Dedza: Chaka chachitatu, madala.

Madala a ku Randfontein: Basitu. Gulitsa tondeyo.

Mayi a ku De Deur: Achimwene, dozi munapereka liti, ndipo mankhwala ake ati? Ngati ndi albendazole ndipo munamwetsa mwezi woyamba wa bere, ameneyo amapundula mwana m'mimba. Zimalembedwa pabotolo, kungoti sitiwerenga. Bere la mbuzi ndi masiku pafupifupi 150, werengani chobwerera muone ngati masiku akugwirizana.

Mphwanga wa Boer: Khosi lotupalo ndi chithokomiro, ayodini anachepa mwa mayi. Koma musathamangire kusakaniza michere mwachisawawa. Mchere wa kopa ukachepa ana amadzandira miyendo yakumbuyo, ukachuluka umapha, makamaka ngati pali nkhosa zomwe zikunyambita nawo.

Madala a ku Randfontein: Ayodini amafupikitsa chibwano? Ndi tonde ameneyo.

Mayi a ku De Deur: Madala, palibe akukana, koma mavuto apa ndi atatu osiyana. Ine chaka china ndinabayitsa katemera wamoyo wa matenda a Rift Valley mbuzi zili ndi bere, nditamva mphekesera mvula itachuluka. Zina zinapoloza, wina anabadwa miyendo youma ngati nkhuni. Ndinalira ngati maliro a munthu. Zabere amabaya katemera wakufa uja, ndinadziwa mochedwa.

Wa ku Mzimba: Ine wanga anabadwa wopanda kotulukira chimbudzi. Masiku awiri ndikungoona mimba ikufufuma, ndimati wakhuta. Kuyambira pamenepo mwana akangobadwa ndimakweza mchira, kenako chala m'kamwa kuona ngati kumwamba sikunang'ambike. Wong'ambika mkaka umatulukira m'mphuno.

Mphwanga wa Boer: Opindikawo musawaphe msanga. Ambiri amawongoka pa sabata imodzi kapena ziwiri mukamawongola pang'onopang'ono n'kumangirira kathabwa, pansi pake thonje. Osamanga kwambiri, mwendo umafa. Chachikulu ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja maola oyambirira, ngakhale mochita kukama m'botolo. Mchombo muviike mu ayodini, apo ayi mawondo atupa mafinya, mudzati ndi chilema chomwecho.

Mayi a ku De Deur: Ndipo akufawo musagwire ndi manja okha, valani magolovesi. Alamu ngati ndi oyembekezera asayandikire khola, matenda ena opoloza mbuzi amagwira anthu. Wina akafanso muikeni pozizira, osati mufiriza, pamodzi ndi nsengwa, mupite naye kwa dokotala wa ziweto wa boma. Iwo amatha kutumiza ku labotale ya ziweto ku Onderstepoort akapime. Bwanayo alipire, mbuzi n'zake.

Madala a ku Randfontein: Pimitsani, koma kwathu tonde sankatha zaka ziwiri khola limodzi, tinkasinthana ndi a mudzi wina. Za m'mabotolozi kunalibe.

Wa ku Mzimba: Madala, nanga tonde wabwino wa Boer akupita pa zingati masiku ano? Disembala ikubwerayi wanga ndikufuna ndimusinthe.