miR-122 yatsika pambuyo pa pioglitazone, koma mtima ukukana

NaPhiri (labu), Lachiwiri 19:42
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndabwera ndi mlandu, ndithandizeni ndisanachite manyazi pagulu Lachisanu. Ndikutsatira odwala shuga omwe ali ndi mafuta m'chiwindi, amene dokotala wawo anawayambitsa pioglitazone 30 mg. Tinatenga magazi asanayambe, tatenganso patatha miyezi 6, ndipo ndikuyeza ma microRNA awiri (tidutswa ta RNA towongolera ntchito ya majini), miR-122 ndi miR-34a, mu plasma (madzi a magazi) pa qPCR, njira yowerengera kuchuluka kwake. Zotsatira zake zakongola mpaka zikundiopsa. miR-122 yatsika pafupifupi kwa aliyense, ngakhale kwa bambo wina amene ALT yake (enzaimu yomwe imakwera m'magazi chiwindi chikavulala) yakwera, yemwenso anandiuza ndi pakamwa pake kuti mapiritsiwo anawasiya mwezi wachiwiri chifukwa miyendo inkatupa. Kuwonjezera apo masampulo 9 sanawerenge kanthu, mzere wangogona pansi ngati ndathira madzi. Abwana akuti ndilembe kuti mankhwala agwira ntchito. Ndiyambire pati?

Mbewe (famase), 19:50
Achemwali, m'Harare muno woyamba kumuganizira ndi magetsi. Firiji ya -80 ija inazimapo kangati chiyambire?

NaPhiri, 19:53
Kawiri zomwe ndikudziwa. Ulendo wina jenereta inakana kulira usiku wonse, tinapeza firiji ili pa -31 m'mawa.

Gama (labu, mdala), 20:11
Firiji isiyeni kaye aMbewe, mukumanga wosalakwa. microRNA ya mu plasma si mRNA yomwe imaonongeka ukangoiyang'ana. Yambiri imayenda itakumbatiridwa ndi puloteni ya Ago2, ina ili m'timatumba totuluka m'maselo, ndiye imapirira kusungunuka kamodzi kapena kawiri. Komanso -31 sikusungunuka. Mwana wanga, ndiyankhe ziwiri izi. Magazi anabwera m'machubu a chivindikiro cha mtundu wanji? Nanga poyerekeza masampulo, miR-122 yakoyo ukuigawa ndi chiyani?

NaPhiri, 20:15
Ndikuigawa ndi miR-16, madala, monga analembera mu protocol yomwe ndinaipeza ndikubwera. Za machubu ndikayang'ane m'buku lolandirira, plasma ya mwezi wa 6 ndinaipeza itasamutsidwa kale m'timachubu ting'onoting'ono.

Gama, 20:31
Eya, ndiye pamenepo pali nkhani. miR-16 yadzaza m'maselo ofiira, pamodzi ndi miR-451a. Maselo ofiira akaphulika pang'ono pokha, miR-16 mu plasma imakwera. Tsono iwe ukugawa miR-122 ndi chinthu chomwe chakwera, yankho lizitsika basi, kaya chiwindi chachira kaya ayi. Zili ngati kuyeza thumba la chimanga pa sikelo yomwe wina wasintha mwala wake, kenako nkumati mbewa zadya. Mawa tulutsa timachubu ta mwezi woyamba ndi ta mwezi wa 6, tiike pa pepala loyera pafupi ndi zenera. Ukaona ta mwezi wa 6 tili tofiirira pomwe tinzake tili tachikasu ngati udzu wouma, wapeza wakuba wako. Koma diso limanama, kuphulika kochepa silikuona. Dontheza kadontho pa NanoDrop uwerenge pa 414 nm, pamene hemoglobin imaonekera. Zikapitirira 0.2 uzikayikira. Ngati uli ndi ma primer, yeza miR-23a ndi miR-451a, chotsa Ct (nambala yomwe qPCR imapereka) ya 451a ku Ct ya 23a. Pansi pa 5 ndi zabwino, pamwamba pa 7 sampuloyo yaipa.

Sisita Nachisale, 20:48
Pepani ndilowerere, chifukwa otenga magazi ndife. Mwezi woyamba munthu wa kafukufuku amakhala ali ndi moto, amaima pomwepo, magazi akangotengedwa akuthamangira nawo ku centrifuge. Pofika mwezi wa 6 aliyense watopa. Wodwala amabwera tsiku lomwe wapeza ya basi, namwino ali yekha ndi mzere mpaka panja, mtsempha wa munthu wonenepa sukuoneka, lamba amakhala pamkono nthawi yaitali, kenako magazi amakokedwa ndi sirinji nkukankhidwa mwamphamvu kudzera pa singano kulowa m'chubu. Atatero amakwera kombi m'kachikwama kopanda ayisi, dzuwa la Okutobala ili. Ine sindikudabwa. Ndipo machubu apepo a EDTA akatha sitibweza wodwala amene wachokera ku Mufakose, timatenga chomwe chili m'dirowa.

NaPhiri, 21:02
Asisita mwangofotokoza ngati munalipo. Ulendo woyamba ndinkapita ndekha. Wachiwiri ndinali pa benchi, masampulo ankandipeza.

Mbewe, 21:10
Ndabweza mawu anga pa firiji. Koma poti tili pa nkhaniyi, ine ndili ndi yanga ya pakauntala. Sabata yatha mayi wina wabwera ndi foni, mwana wake wa ku UK wamutumizira nkhani, akufuna "jakisoni wa RNA wosungunula mafuta a m'chiwindi", ndalama ali nazo m'manja. Ndinamuuza kuti kulibe, anachoka akundiona ngati ndikubisa katundu. ADokotala, ndinanama?

Dr Nkhoma, 21:44
Simunaname aMbewe. Ndangotuluka kumene mu wodi, ndawerenga zonse. Jakisoni wa RNA wopita kuchiwindi alipodi, koma si wa matenda awa. Amene mayiyo anamumva mwina ndi inclisiran, siRNA (RNA yaifupi yozimitsa jini) yotseka jini ya PCSK9, wotsitsa cholesterol: kubaya lero, kubayanso patatha miyezi 3, kenako miyezi 6 iliyonse. Chiwindi ndiye chiwalo chosavuta kuchifikira ndi mankhwala oterewa, chifukwa ukamangirira shuga wa GalNAc ku RNA, maselo a chiwindi amaimeza okha kudzera pa chitseko chawo chotchedwa ASGPR. Nchifukwa chake makampani ambiri akuthamangira kumeneko. Pa mafuta a m'chiwindi akuyesa siRNA yotseka HSD17B13, kuchokera pa zomwe zinapezeka mu 2018 kuti anthu obadwa ndi jini imeneyi ili yolumala amatetezeka ku matenda a chiwindi. Akuyesanso zotseka PNPLA3 ndi DGAT2. Zonsezi zidakali m'mayeso. Zomwe FDA (bungwe loona za mankhwala ku America) yaloleza pa MASH (mafuta a m'chiwindi ofika pochitupitsa) ya zipsera za mulingo wa F2 ndi F3 ndi resmetirom mu Malichi 2024 ndi semaglutide mu Ogasiti 2025, ndipo palibe ya RNA pa ziwirizi.

Tsono NaPhiri, ngakhale ukonze za miR-16, pali china chomwe abwana ako akuchilumpha. Mawu oti "miR-122 yatsika" sakutanthauza chinthu chimodzi. M'kati mwa chiwindi ndiyo microRNA yochuluka kuposa zonse, pafupifupi 70 pa 100 iliyonse. Mu MASH imachepa m'kati mwa chiwindi koma imakwera m'magazi, chifukwa maselo ovulala akuitaya kunja. Ndiye chimene ukuyeza iwe mu plasma kwenikweni ndi kuvulala kwa maselo, mofanana ndi ALT, osati kuchuluka kwa mafuta. Chilichonse chopweteka chiwindi chiikweza: hepatitis B, isoniazid ndi pyrazinamide, paracetamol wochuluka, kachasu wa Loweruka. Odwala ako unawafunsa zimenezi maulendo onse awiri? Munthu akhoza kukhala kuti ulendo woyamba anali pa mankhwala a TB, pofika mwezi wa 6 wamaliza, pioglitazone nkudya ulemu wa eni ake.

Mbewe, 21:58
Nanga bwanji osangoitseka miR-122 yo, poti ndiyo ikukwera?

Dr Nkhoma, 22:15
Anayesa kale, pa matenda ena. Miravirsen inapangidwa kuti itseke miR-122 pa hepatitis C, chifukwa kachilomboko kamaidalira kuti kachulukane. Zotsatira zinatuluka mu 2013, kachilombo kanatsika, cholesterol nayo inatsika, anthu nkuyamba kulota za mafuta. Koma mu 2012 magulu awiri anali ataonetsa kale kuti mbewa zochotsedwa miR-122 kuyambira pobadwa zimadzaza mafuta m'chiwindi, chimatupa, chimachita zipsera, mapeto ake khansa. Vuto la microRNA ndi limenelo, imodzi imagwira ma mRNA mazanamazana, sungaikoke mbali imodzi. Taonani miR-34a yomwe NaPhiri akuyezayo: pa mafuta a m'chiwindi imakwera nkupondereza SIRT1, ndiye ungafune kuitsitsa. Koma a khansa amafuna kuikweza, ndipo MRX34 yawo inaimitsidwa mu 2016 odwala ena atamwalira chifukwa chitetezo cha m'thupi chinalusa. Ija ya miR-103/107, RG-125, yomwe inali ya NASH yeniyeni (dzina lakale la MASH), AstraZeneca anaisiya mu 2017. Ine sindikunyoza ntchitoyi ayi. Ambros ndi Ruvkun anapeza microRNA mu nyongolotsi mu 1993, Nobel analandira mu 2024, zaka 31. Koma lero wodwala wanga wa ku Highfield ndimamuthandiza ndi FIB-4, nambala yoyerekezera zipsera za m'chiwindi yomwe ndimawerengera pa foni, zaka kuchulukitsa ndi AST (enzaimu inzake ya ALT), kugawa ndi ma platelet kuchulukitsa ndi square root ya ALT. Pansi pa 1.3 ndimapuma, pamwamba pa 2.67 ndimamutumiza kwa akatswiri. Kenako timakangana za kukula kwa mtanda wa nsima.

Gama, 22:20
Mbewa za azungu zimadwala chiwindi, zathu za ku Dedza timadyera nsima. Kagoneni ana inu, mawa kuli ntchito.

NaPhiri, Lachitatu 11:26
Ndabwera ndi lipoti. Madala Gama, mwalasa. Ndaika timachubu pa pepala loyera, ta mwezi wa 6 tambiri ndi tofiirira, tina mpaka ngati madzi otsukira nyama. Pa 414 nm toposa theka tadutsa 0.2, pomwe ta mwezi woyamba ndi tiwiri tokha. Ndayang'ananso Ct ya miR-122 payokha osagawa ndi kanthu: kwa bambo wa miyendo yotupa uja sinasunthe nkomwe, yomwe yasuntha ndi miR-16. Za masampulo 9 aja, asisita, m'buku muli "green" pambali pa onse 9, onse a sabata imodzi.

Gama, 11:49
Heparin ameneyo, woletsa magazi kuundana wa m'machubu a chivindikiro cha green. Amatsatira RNA mpaka kumapeto kwa extraction, column siimuchotsa, kenako amakatsamwitsa reverse transcriptase ndi Taq. Masampulo amenewo akhoza kupulumuka. Thira heparinase I, enzaimu yophwanya heparin, pa RNA yotulutsidwa kale usanapange cDNA, ndi RNase inhibitor pambali. Koma usawasakanize ndi a EDTA ngati palibe chinachitika, uwalembe padera. Ofiirawo pa miR-122 sanafe, chifukwa miR-122 simachokera m'maselo ofiira. Chomwe chafa ndi miR-16. Itaye. Ndipo wina asakunamize kuti ubwerere kogawa ndi U6, imeneyo ndi ya mu nucleus, mu plasma ilibe khalidwe. Plasma yotsala ilipo yochuluka bwanji?

NaPhiri, 11:55
Pafupifupi 400 µl pa munthu. Kit yatsala yokwana ulendo umodzi wokha, yatsopano kuti ifike kuchokera ku Johannesburg ndi masabata, ndalama yake sindikuidziwanso kochokera.

Gama, 12:14
Ulendo umodzi ukwana ukapanda kuphonya. Tenga 200 µl yofanana pa sampulo iliyonse, izungulitsenso pa centrifuge kuti zinyenyeswa za maselo zikhale pansi. Thira cel-miR-39 (microRNA ya nyongolotsi yothira ngati choyezera) muyeso umodzi, koma uthire lysis buffer atalowa kale, ukathira mu plasma yaiwisi RNase aidya usanatseke chivindikiro. Sampulo ya mwezi woyamba ndi ya mwezi wa 6 ya munthu mmodzi zikhale pa plate imodzi. Dziwa kuti cel-miR-39 ingokuuza ngati extraction ndi RT (kupanga cDNA) zayenda mofanana, za m'thupi la munthu siidziwa. cel-miR-39 ndili nayo yotsala, heparinase ndilibe.

Dr Nkhoma, 13:02
Heparinase ndifunsa anzathu a ku UZ (University of Zimbabwe) madzulo ano. Lachisanu usapite ndi graph ija. Pita ndi chithunzi cha timachubu pa pepala loyera ndi manambala a 414, abwana akaona okha sakutsutsa. Uikenso ALT ndi FIB-4 za maulendo onse awiri pambali pa dzina lililonse, ndi mzere wa HBsAg (zoyeza hepatitis B), TB ndi mowa. Ngati usintha katengedwe ka magazi kapena kuitananso odwala, MRCZ, bungwe loloza kafukufuku wa zaumoyo muno m'Zimbabwe, idziwe kaye.

Sisita Nachisale, 13:20
Ndipo pa mwezi wa 12 mutibweretsere bokosi lanulanu la machubu apepo, mulembe dzina la kafukufuku pamwamba ndi cholembera chachikulu. Mukangolisiya osalemba litha ndi full blood count pofika Lachitatu.

NaPhiri, 13:34
Zikomo kwambiri nonse. Madala, cel-miR-39 ndidzatenga mawa cha m'ma 7 ndisanalowe, ndibwera ndi ayisi wanga. Bambo wa miyendo uja ndamuimbira, akubwera Lolemba kudzaonana ndi dokotala wake za mankhwala ena.