Fosifeti wachuluka mbali imodzi: khola lakale kapena feteleza?

Wofukula: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Pamalo pomwe tikufukula zinthu zakale, dothi la mbali imodzi lili ndi fosifeti (mchere wopezeka m'ndowe, m'mafupa ndi mu feteleza) wambiri kuposa kwina konse. Nditadonthezera mankhwala oyezera fosifeti, ammonium molybdate ndi ascorbic acid, pa dothi lomwe ndinaika papepala, pepalalo linasanduka buluu wakuda. Mtima wanga ukuti panali khola la ziweto, koma malowa akhala akulimidwa kwa zaka zambiri. Kodi si feteleza wa dzanali ameneyu?

Wa kulabu (labotale): Achimwene, dothilo munalitapa pakuya bwanji? Fosifeti sayendayenda. M'dothi la asidi amakakamira ku ayironi ndi aluminiyamu, m'dothi la laimu amagwirana ndi kashiamu. N'chifukwa chake Olof Arrhenius ankazindikira nawo midzi yakale ku Sweden cha m'ma 1930. Feteleza amathera pomwe khasu limalekezera. Tapani dothi pa masentimita 10 aliwonse kutsika pansi. Fosifeti akachepa mukangodutsa dothi lolimidwa, ndi feteleza. Akapitirira kapena kuwonjezeka pansipo, nkhani ndi yakale.

Wofukula: Ndinangotapa pamwamba, ndikuvomera. Ndinapimanso ndi pXRF, makina a m'manja opima zomwe zili m'dothi ndi X-ray, koma manambala ake akungodumphadumpha.

Wa kulabu: Makina amenewo amavutika kupima fosiforasi, yemwe ali mu fosifeti, makamaka dothi likakhala lonyowa. Liumitseni, mulipere, mulisefe. Ndipo mutapenso dothi la kunja kwa malowo, la mtundu womwewo, kuti mukhale ndi poyerekezera.

Mkulu wa gulu: Ngakhale fosifetiyo atapezeka kuti ndi wakale, musathamangire kulemba kuti khola. Dzala nalonso limadzaza fosifeti chifukwa cha mafupa ndi zotsala za chakudya. Manda chimodzimodzi. Onani ngati muli phulusa: limakweza potaziyamu, kashiamu ndi pH (muyeso wa asidi m'dothi), ndipo dothi lopsa limakoka maginito kwambiri. Zimenezo pamodzi ndi mapale ndi makala, ine ndingati dzala. Ndinalembapo khola m'lipoti, kenako tinapeza kuti ndi zinyalala za kukhitchini. Manyazi ake sindinaiwale.

Wa kulabu: Ndowe zili ndi umboni wakewake. Pa maikulosikopu mumaoneka timibulu ta calcium carbonate totchedwa spherulites, koma timasungunuka m'dothi la asidi, ndiye kusatipeza sikutanthauza kuti ziweto kunalibe. Ndalama zikalola, yezetsani mafuta a m'dothi: 5β-stigmastanol amachuluka m'ndowe za nyama zodya udzu, coprostanol m'chimbudzi cha anthu.

Wofukula: Zikomo akuluakulu. Mawa ndikumba maenje atatu, limodzi kunja. Za pH ndiyeza ndisanatumize kalikonse. Dothi la spherulites ndilitumize lochuluka bwanji?

Wa kulabu: Supuni imodzi pa mulingo uliwonse yakwana, bola louma komanso m'timatumba tosiyana.